Mutu Wakale pa Injini Ina

Ku Kauhajoki dzuwa la Januwale ndi mlendo wamanyazi,
limasuzumira cha m'ma teni, ikamakwana fili latsanzika kale.
Choncho m'shedi ya Rauno tinalowa ndi tochi,
ine ndi mlongo wanga Tarmo,
kudzasakira mtima Volvo ya malemu bambo,
imene inafera pamsewu wa ku Kurikka
mkono wa pisitoni yachitatu utaboola buloko
n'kusuzumira kunja ngati fupa lothyoka.

Injini zitatu zinali khale pamapaleti.
Yoyamba yotsukidwa mbee, yonunkhira parafini.
Rauno anaisisita, ine ndinaidutsa:
chosambitsidwa usiku wa dzulo chili ndi chimene chikubisa.
Yachiwiri ya tebo, mapaipi ali piringupiringu,
Tarmo maso ali tong'o, malovu mkamwa.
Yachitatu yakuda bii ndi oyilo wa zaka makumi atatu,
yochotsedwa m'galimoto ya namwino wina
amene, ati Rauno, sankapyola eyite
ngakhale poitanidwa pamatenda a kayakaya.

Ndinavula magolovesi. Chitsulo chinaluma zala.
Ndinaika sipanala pa kilanki n'kuzungulitsa pang'onopang'ono:
ya tebo inayenda mofewa, ngati chitseko chosoŵa loko,
ya namwino inakana, inapuma, inakananso,
silinda iliyonse ikugwira mpweya wake osataya.
Ndinati, iyi.

Mkangano weniweni unali pamutu.
Tarmo amafuna 531, wa njira zotakasuka,
umene anyamata a m'magalaja amautchula ngati dzina la chibwenzi.
Injini ipume, Vuokko, ipume!
Rauno anautulutsa m'bulangete, mtengo wake wa matayala anayi.
Ndinagoneka rula yachitsulo pankhope pake,
ndinazimitsa getsi, tochi ndinaiyatsira kuseri.
Pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu
kuwala kunadutsa pansi pa rula, kamzere kopyapyala ngati tsitsi.
Unapsapo uwu. Unapindika.
Tarmo anati tikaupalitsa ku Seinäjoki.
Rauno anayang'ana kudenga.
Ndinafunsa kuti unapalidwapo kangati kale,
palibe anayankha, kupatula chipale chotsetsereka pamalata.

Tinabwerera ndi injini ya namwino yopanda mutu,
wake unali ndi mng'alu pakati pa mavavu.
M'njira monse Tarmo anali duu, wailesi ikulosera kuzizira.

Usiku umenewo, m'galaja ya bambo,
ndinamasula mabauti khumi a injini yakufa ija
pongofuna kuona mmene imfa inalowera.
Mutu wake 530, wamba, wopezeka pabwalo lililonse la zophwasuka.
Nditautembenuza ndinalowetsa chala m'njira ya mpweya:
mosalala.
Yachiwiri, mosalala. Zonse zinayi.
Wina anakhala pano ndi tupa ndi sanipepa
nyengo yozizira yathunthu osauza munthu,
ndipo pambali, mokanda ndi msomali,
E. H. 94.
Chaka chimene amayi ankati bambo akwatira galaja.

Ndinagoneka rula. Ndinazimitsa getsi.
Mdima wokhawokha, kuchokera uku mpaka uko.

Tarmo anabwera atavala jekete pamwamba pa zogonera,
analowetsamo chala chake chachikulu chija,
anachitulutsa, anachiyang'ana ngati chapsa.
Mwina ungapume ndithu, anatero,
koma 531 ukanakoka kuposa apa.
Ukanakoka, ndinavomera.

Gasiketi yafika Lachinayi.
Vavu imodzi yopindika tasintha, zina tapera ndi phala lake
mpaka m'manja mwatuluka matuza.
Tsopano mutu wa bambo wakhala pathupi la namwino,
anthu awiri amene sanakumanepo.
Tarmo wagwira buku, akuwerenga manambala,
ine ndikumanga mabauti kuyambira pakati kumka kunja,
pang'ono apa, pang'ono apo, kenako kubwereza.
Kiyi ali pamsomali.
Batire tikalitenga mawa kwa Rauno,
ngati msewu aukolopa.